Gulu la Nyemba Yofiira

Mwezi wa Novembala chaka cha 1994, mvula ili pafupi kugwa, Monika anatulukira kwawo ku Zingalume atamanga chikwama ndi bulangete pa njinga. Sinali nthawi ya tchuthi. Atate ake, a Whiteson, anali pabwalo akusema goli la ng'ombe.

"Kodi kukoleji kwapsa?" anafunsa.

"Iyayi atate. Ndabwerako basi, sindipitakonso."

Nkhani yake inali iyi. Pa koleji ya zaulimi imene Monika ankaphunzira, ophunzira ankalima minda yoyeserera m'magulu, ndipo wopanda gulu sankaloledwa kulemba mayeso omaliza. Maguluwo ankasankhana okha. Tsiku lina Karen, mtsogoleri wa kwaya ya pakolejipo, anamva kuti atate a Monika ndi a gule wamkulu. Pofika madzulo aliyense anali atamva. Gulu lililonse limene Monika ankapitako linkangoti ladzaza.

"Akuti ndine mwana wa kudambwe, ndikaipitsa pemphero la pamunda," anatero Monika, misozi ili chuchuchu.

A Whiteson anapsa mtima. "Khala pompano ulime ndi amako! Sukulu yonyoza makolo ndi yachiyani?" Munthu akakwiya amaiwala kuti amene akulangika ndi mwana wake yemwe.

Mwamwayi panafika a Manase, mkulu wa mpingo amene ankakhala nyumba yoyandikana nawo. Atamva zonse anapukusa mutu.

"Achimwene, mukamusunga pano mwanayu ndiye kuti onyozawo apambana. Iwe Monika, aprinsipo unawauza?"

"Ndinaopa. Paja nawonso ndi opemphera."

"Inenso ndine wopemphera, ndipo zimenezi zandichititsa manyazi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mawa tipita tonse atatu."

M'mawa mwake anapalasa njinga mpaka kukoleji. Aprinsipo, mayi Petronella, anawalandira bwino ndipo anamvetsera osadula mawu. Pomaliza anati, "Mwachita bwino kubwera. Mukanangokhala chete, ine ndikanaganiza kuti mwana watopa ndi sukulu. Koleji ino si ya mpingo, si ya dambwe. Ndi ya mwana aliyense amene anakhoza mayeso olowera."

Analiza belu, ophunzira onse nasonkhana. A Manase anapempha kuti alankhulepo.

"Ana inu, ine ndimalalikira kutchalitchi. Anzangawa salowamo, ndipo kwawoko ine sindipondako. Koma ine ndili ndi ng'ombe imodzi, iwonso imodzi. Chaka ndi chaka timazimanga pa goli limodzi, lero munda wanga, mawa wawo. Ndikanati ndinyansidwe nawo, bwenzi ana anga akugona ndi njala."

Ena anaseka, ena anazolika. Kenaka mayi Petronella anatenga chipewa, nathiramo nyemba zofiira, zoyera, zakuda ndi zamawanga.

"Kuyambira lero magulu akale atha. Aliyense atole nyemba imodzi atatsinzina. Otola mtundu umodzi, gulu lawo ndi lomwelo."

Monika anatola yofiira. Karen atatambasula dzanja, nayenso yofiira! Nkhope ya Karen inagwa.

"Madamu, nanga chikhulupiriro changa?"

"Chikhulupiriro chako palibe amene akukulanda. Ofuna kupemphera pamunda apemphere monga kale, osafuna asakakamizidwe. Koma wokana mnzake chifukwa cha chipembedzo, mtundu kapena kumene achokera, ndi iyeyo amene adzatuluke m'gulu. Ndipo aliyense wosalidwa abwere kwa ine tsiku lomwelo, asathawire kumudzi."

Tisanamizane, mitima sinasinthe tsiku lomwelo. Masabata oyamba atsikana awiriwa ankabzala mzere umodzi osapatsana ngakhale moni. Koma mu Januwale, udzu utakula, Karen anadwala malungo. Monika anapalira mizere yake ndi ya Karen yomwe, ndipo masana ankamutengera phala kuchipinda. Karen atachira anapita kumunda, napeza mbali yake ili mbee. Anapita kwa Monika.

"Monika, ndinakulakwira," anatero. "Ndinakuda ndisanakudziwe."

Gulu la nyemba yofiira linakolola bwino, ndipo onse analemba mayeso nakhoza. Pa tsiku lolandira masatifiketi a Whiteson anakhala kumbuyo kwenikweni, poopa kuchititsa mwana wawo manyazi. Karen anadutsa pakati pa anthu onse, nagwada pamaso pawo, nawapatsa moni ndi manja awiri.

"Atate, mpando wanu uli kutsogolo, pafupi ndi atate anga."

Tsankho limalanda mwana tsogolo lake. Mwana wanu akasalidwa pasukulu, musamuchotse. Pitani naye kwa akuluakulu a sukuluyo mukafotokoze. Kusiyana mapemphero, miyambo kapena mtundu si chifukwa chokanira mnzathu malo ophunzirira.