Onyamula Bokosi la Corbin

Anali akudya chamasana pomwe galimoto ya a Leland inalowa pachipata, ikuponda matope a chipale chosungunuka. Noelle ndiye anayiona pazenera.

"Abwera bambo aakulu," anatero, osadzuka n'komwe.

Mayi ake, a Darlene, anaika foloko pansi. Tebulo linali tho ndi zomwe anansi ankabweretsa chimwalirireni mwana wawo Corbin: nyama yankhumba, mbatata zophika ndi tchizi, zitumbuwa za maapozi zosadula. A Royce, bambo wa pakhomopo, anapitiriza kutafuna pang'onopang'ono. Pampando wa Corbin panali chikwama chake chobereka kumsana, chomwe Noelle anakatenga kupolisi dzulo lake. Palibe amene anali atalimba mtima kuchisuntha.

A Leland analowa osagogoda. Anali mkulu wawo wa a Royce, ndipo ndi iwo amene anapita kukoleji pomwe mng'ono wawo anatsala ndi nkhosa. Kumeneko ankakhala m'nyumba ya abale, gulu la anyamata apakoleji ogona pamodzi, odya pamodzi, olumbira kuti adzakhala pachibale mpaka imfa. Tsitsi linayera, koma mphete ya gululo sinachoke pachala. Tsopano anali mmodzi mwa akuluakulu oyang'anira nyumbayo, ndipo ndi iwo anamuuza Corbin, mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, kuti munthu wopanda gulu pakoleji ndi nkhosa yosochera.

"Pepani, alamu," anatero kwa a Darlene. "Mukudyako koma? Muzidya."

"Khalani."

Anagwira mpando wa Corbin, n'kuona chikwamacho, n'kukoka mpando wina.

"Ndikuchokera kunyumba ya abale. Anyamata asweka mtima, Royce. Sakudya. Wina ndamupeza pamasitepe akungolira."

"Alire," anatero Noelle.

A Leland anachita ngati sanamve. "Andituma ndi pempho. Mwambo wathu ndi wakuti m'bale akamwalira, abale ake ndiwo amanyamula bokosi. Masuti akuda, aliyense duwa loyera pachifuwa. Pamanda amagwirana manja n'kuimba nyimbo yathu. Ndi zaulemu. Mkujamu akufuna achite zimenezo."

"Corbin sanali m'bale wanu," anatero Noelle. "Anali adakali poyesedwa. Ankakukolopolerani zimbudzi."

"Akhala pansi, agwirizana kuti amulandira." A Leland anatulutsa kabokosi m'thumba, n'kukatsegula. Munali kabaji kagolide. "Tikamuike pajekete."

A Darlene anakayang'ana nthawi yaitali.

"Ndiye kuti wakhoza mayeso," anatero.

"Alamu, musatero."

"Ayi, ndikungofunsa. Wakhoza?"

A Royce anapukuta pakamwa. A Leland anatseka kabokosiko n'kutsamira patebulo, mawu awo ali ofewa ngati a munthu wogulitsa inshuwalansi, yomwe inalidi ntchito yawo m'tauni.

"Ndikudziwa anthu akuyankhula zambiri. Koma nyumba ija ili ndi malamulo kuposa tchalitchi. Mowa waukali suloledwa kulowa. Paphwando pamakhala wolondera pakhomo, osakwana zaka amawamanga kalamba pamkono kuti asapatsidwe mowa. Ndipo nthawi zonse pamakhala anyamata osankhidwa, osamwa ngakhale dontho, ongoyang'anira anzawo. Lamulo limenelo ndinalimenyera nkhondo ndine."

"N'chifukwa chake anawoloka msewu," anatero Noelle.

"Bwanji?"

"Apolisi andiuza zonse, bambo aakulu. M'nyumba mwanu mowa waukali suloledwa, eti? Ndiye anachita lendi kanyumba tsidya la msewu, komwe malamulo anu safika. Kumeneko ndi komwe wamkulu aliyense amapatsa mng'ono wake watsopano botolo la wisiki. Ati botolo la banja. Ulimalize usanatuluke."

"Palibe amene amakakamizidwa. Inenso ndinamwa botolo limenelo pa nthawi yanga, si ndili pano?"

"Muli pano ndithu," anatero a Darlene.

Noelle anadzuka, n'kunyamula chikwama chija ndi manja awiri, n'kuchigwetsera pakati pa mbale. Tebulo linagwedezeka, khofi n'kutayikira.

"Kwezani muone kulemera. Mwadzaza mabuku, ena si ake n'komwe. Mukudziwa ntchito yake."

A Leland anayang'ana kumbali. "Ndi njira yotetezera munthu. Woledzera akagona chagada amatsamwa ndi masanzi. Ukamubereketsa chikwama sangagudubuzike. Anyamata onse amadziwa zimenezo. Anamusamalira, Noelle. Anamunyamula bwinobwino, anamugoneka chammbali pasofa, anamufunditsa."

"Kenako?"

Noelle anadziyankha yekha.

"Kenako anazimitsa getsi n'kubwerera kukavina. Wosamwa wanu uja ndi amene anamanga malamba a chikwamachi. Anabwera kudzasuzumira kamodzi, anamva akupuma ngati nkhumba yodwala, anati akuliza mkonono. Wina atanena za ambulansi anamuletsa, ati apolisi akabwera nyumba itsekedwa. Anaimba foni dzuwa litatuluka, atamaliza kutola mabotolo."

"Ndi ana, anachita mantha."

"Mantha sanawaletse kumulemba kumaso," anatero a Darlene. Mawu awo anali otsika, moti a Leland anachita kuweramira kutsogolo. "Dzulo ndinapita kukaona mwana wanga kwa okonza maliro. Bambo uja anandipepesa. Ati wachapa, wachapa, koma inki yake ndi yosafufutika, adzangophimba ndi ufa wodzola. Pamphumi, alamu. Chithunzi chake sindingachitchule pa chakudya."

A Leland anati, "Ndi kamwambo kopusa. Amati ukagona nsapato zili kuphazi, anzako ali ndi ufulu wokulemba. Ndi masewera chabe, sankadziwa kuti…"

"Malamulo muli nawo ambiri zedi," anatero a Darlene. Anadzuka, n'kutenga mbale yawo, n'kukhuthulira zonse mu bini.

A Leland anatembenukira kwa mng'ono wawo.

"Royce, tiyankhulane ngati amuna. Akuluakulu a koleji akhala pansi sabata yamawa. Akaona kuti banja lawakana anyamatawa, nyumba ija yatha. Yakhala zaka zoposa zana. Koma akaona atanyamula bokosi, adziwa kuti inali ngozi, banja lamvetsa. Corbin ankaikonda nyumba ija. Sakanafuna kuti ife chifukwa cha iye."

A Royce anayang'ana khofi wotayika uja akuyenderera kumphepete kwa tebulo. Anamutchinga ndi chala.

"Ndikuyankhani mawa, achimwene."

Galimoto itatuluka pachipata, a Darlene anali adakali pasinki, akutsuka mbale yoyera kale.

"Bambo a Corbin," anatero osacheuka, "chikwatiranireni sindinakumveni mukuwakana akulu anuwa. Thirakitala anabwereka, munapereka. Mwana anamupempha, munapereka. Ine sindikangana nanu. Koma manja amenewo akakhudza bokosi la mwana wanga, ndikatsala m'galimoto. Mukamuike nokha."

A Royce anatenga chipewa n'kupita kukhola.

M'mawa mwake kunacha kozizira, kumwamba kuli mbuu. Inali nyengo yomwe nkhosa zimakhala zitalemedwa ndi bere komanso ubweya, ndipo pamafunika kuzungulira busa lonse kusanatenthe. Ntchito imeneyi inali ya Corbin kuyambira ali wamng'ono mpaka tsiku lomwe anapita kukoleji. A Royce anatuluka ndi Noelle, nsapato zamphira zikumira m'matope.

Anaipeza kumunsi, pafupi ndi mpanda wa kumsewu. Inali nkhosa yaikazi yokalamba, yong'ambika khutu. Inagwera m'kadzenje n'kugona chagada, miyendo inayi ili m'mwamba, ikupalasa mphepo mofooka. Mimba inali itayamba kale kufufuma. Akhwangwala awiri anali pamtengo wa mpanda, akudikira.

"Mayi uyu wabwerezanso," anatero Noelle.

A Royce anagwada, n'kugwira ubweya wa m'mbali, n'kuigudubuza. Anaikweza mpaka inaima. Kenako anapukuta manja pathalauza n'kutembenuka kuti azipita. Asanapite patali anamva phuu kumbuyo. Inali itagwanso.

Anaima chiimire.

"Corbin akanakukalipirani," anatero Noelle. Anayesa kuseka. "Mukukumbuka? Basi ya sukulu ikuliza hutala pamsewu, iye ali pompano. Mayi akukuwa pakhonde. Iye ati, ‘Ipite basiyo, miyendo yake idakali dzanzi.’"

A Royce anabwerera. Anaidzutsanso nkhosayo, koma ulendo uno anaiika pakati pa mawondo awo, monga ankachitira mnyamatayo, n'kuwerama kuyamba kuitikita miyendo, wakutsogolo, wakumbuyo, pang'onopang'ono. Nkhosayo inageya mpweya wonunkha udzu wowola. Inkanjenjemera thupi lonse.

Ali choweramira choncho, galimoto ya a Leland inaima pamsewu. Anatsika n'kufika pampanda, akusankha poponda kuti nsapato zisade.

"Ndinakuonerani patali. Anyamata akudikira yankho, Royce. Akufuna akatenge masuti."

A Royce sanaweramuke.

"Anamunyamula kale kamodzi, achimwene. Tinaona pomwe anakamusiya."

"Royce…"

"Asabwere. Ngakhale kutchalitchi, ngakhale kumanda. Duwa lawo ndi kabaji kawo asunge. Koleji ikafuna kundifunsa, ndikanena zomwe ndikudziwa."

"Ndiye anyamula ndani?"

"Ine. Noelle. A Amundson ndi ana awo, poti ndi amene ankameta naye nkhosa." Anasintha mwendo, n'kupitiriza kutikita. "Patsala malo amodzi kutsogolo. Ndi anu, ndinu bambo ake aakulu. Koma mpheteyo mukaisiye m'galimoto."

A Leland anayang'ana chala chawo. Anayesa kuipotokola mpheteyo, koma mnofu unali utaimeza kalekale, ndipo sinasunthe. Anaima pamenepo akulimbana nayo, mphepo ikuwakupiza jekete.

"Tiyeni kunyumba tikakambirane bwino," anatero pamapeto pake. "Kukuzizira kuno. Nkhosayo si yadzuka kale?"

"Yadzuka," anatero a Royce. "Koma sinayambe kuyenda."

Noelle anagwada m'matope mbali inayo, n'kugwira mwendo wotsalawo.