Dzanja Lomwe Linawakha Ulusi

Dzanja lamanja la akazi awo a telala linayamba kunjenjemera mwezi womwe ntchito ya mayunifomu a sukulu inachuluka. Poyamba ankangophonya bowo la singano. Kenako batani linkawapulumuka, akalitola ligwenso. Pofika sabata yachitatu, akanyamula kapu ya tiyi, theka ankathera pa siketi.

Mayiwa ndi amene ankagwira ntchito zonse zamanja m'shopumo: kusokerera mabatani, kupinda mipendero, kuchotsa timaulusi totsalira. Amuna awo ankadula nsalu ndi kupalasa makina. Anthu a mumsewumo ankawatchula kuti a Sizasi, osati chifukwa cha ntchito yokha ayi, pakamwa pawonso pankadula. Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu awiriwa ankakhala moyang'anana, tebulo lodulirapo nsalu lili pakati.

Tisawanamizire a Sizasi, poyamba anachita zaumunthu. Anatseka shopu n'kuperekeza akazi awo kuchipatala, komwe anawagoneka m'makina aakulu ojambula m'mutu, aja amalira ngati munthu akukhoma malata. Tsiku lokatenga zotsatira, mayiwo ali kuseri kwa katani kuvala juzi atawayeza, namwino anaitanira a Sizasi pambali.

"Chithunzi chatuluka bwino, bambo. Mulibe chotupa, si sitiroko," anatero namwinoyo. "Koma musamve ngati ndikunena kuti sakudwala. Pali matenda ena a kayendedwe ka thupi omwe saoneka pa chithunzi ngati ichi. Tengani kalata iyi, mupite nawo kwa dokotala wa ubongo ndi mitsempha. Chonde musachedwe."

Namwino ananena zinthu ziwiri, a Sizasi anatola chimodzi. Panjira anangouza akazi awo kuti, "Akuti muli bwinobwino." Kalata ija anaipinda kanayi n'kuiika m'dirowa ya makina awo, pansi pa singano zothyoka. Mayiwo sanadziwe n'komwe kuti kunali kalata.

Kutsidya kwa msewu kunali shopu ya wometa tsitsi, mnzawo wa a Sizasi, munthu wodziwa chilichonse kupatula kutseka pakamwa. Galasi lake lalikulu linkaonetsa khomo la shopu ya telala, ndiye ankameta anthu uku akuonera za eni ake.

"Achimwene, makina a kuchipatala sanama," anatero tsiku lina akuwameta ndevu. "Ine ndimaona pagalasipa. Alamu akamacheza ndi makasitomala n'kumaseka, dzanja lija limangoti zii. Mukatulukira inu, layambanso. Matenda anji oopa mwamuna? Atopa ndi mabatani basi. Ayeseni modzidzimutsa, mudzandiuza."

Abale, malangizo ena! Koma a Sizasi anawameza onse osatafuna.

Linali Lachisanu masana, m'shopu muli amayi atatu odzayesa madiresi. Akazi awo a telala anali pa mpando wawo, akulimbana ndi batani la shati, dzanja likugwedezeka. A Sizasi anatola kampukutu ka ulusi wofiira n'kukaponya mwadzidzidzi.

"Amayi, gwirani!"

Dzanja lamanja lija linauluka lokha n'kuwakha ulusiwo, khwa! Linaima m'mwamba osanjenjemera ngakhale pang'ono. Mayiwo analiyang'ana modabwa, nkhope yawo n'kuwala. Anamwetulira. Anaganiza kuti achira, ndipo anatembenukira kwa amuna awo kuti akondwere limodzi.

Koma a Sizasi anali ali kale pakhomo, akukuwira kutsidya. "Achimwene! Tabwerani mudzaone wodwala wathu! Wawakha ndithu, ngati goloboyi!"

Wometa anabwera lumo lili m'manja. Amayi a madiresi aja anaseka chobisa pakamwa. Kumwetulira kuja kunazima pang'onopang'ono, dzanja n'kuyambiranso kugwedezeka, ulusi n'kugwa pansi. Ine wofotokoza nkhaniyi, pa zonse zomwe zinachitika, apa ndi pomwe pamandiwawa kwambiri.

Kuyambira tsikulo m'nyumba munalibenso chifundo. Akataya tiyi, a Sizasi ankati, "Sewero layamba." Akapempha kuti awalowetsere ulusi pa singano, ankati, "Muja munawakha muja, singano yakukanikani bwanji?" Mayiwo ankadzikakamiza kuti aonetse kuti sakunama, koma akamaliyang'anitsitsa dzanjalo m'pamene linkanjenjemera kwambiri. Anadzibaya mpaka kudetsa kolala ya shati yoyera ya kasitomala. Mumsewu ana anayamba kuwayerekezera kagwedezedwe kawo. Analeka kupita kumsika, analeka kupita kutchalitchi, ndipo chaka chisanathe mwendo wakumanja nawo unayamba kukoka pansi.

Mwana wawo wamkazi, yemwe anali pabanja kutali ndithu, anabwera kudzacheza n'kupeza mayi ake akudyera kuchipinda chitseko chili chotseka.

"Ababa, kuchipatala kuja sanakuuzeni chilichonse? Palibe komwe anati mupite?"

"Anati ali bwino," anayankha a Sizasi maso ali pa nsalu.

Mwanayo analongedza zovala za mayi ake n'kupita nawo. A Sizasi anatsala akusokerera okha mabatani ndi zala zawo zazikuluzikulu, moti makasitomala ankabweza mashati sabata isanathe. Ankauza wometa kuti, "Akatopa ndi sewerolo abwera." Panapita chaka. Panapita chaka chinanso.

Nthawi yonseyo mwana uja ankayendayenda ndi mayi ake, uku apatsidwe mapiritsi a mphamvu, uku auzidwe kuti ndi maganizo chabe. Mapeto ake anafika kwa dokotala wa ubongo ndi mitsempha, yemwe anati akufuna aonenso mwamuna wa wodwalayo. A Sizasi analandira foni ya mwana wawo. Kenako anatsegula dirowa ija. Kalata inali pomwepo, itachita chikasu, ili ndi dontho la mafuta a makina pakona. Anaiika m'thumba la jekete osadziwa kuti akachita nayo chiyani.

Dokotalayo anali mayi wodekha, wa magalasi. Anakhazika wodwalayo pa mpando, a Sizasi ndi mwana wawo ali pa benchi.

"Mayi, tambasulani dzanja lonjenjemeralo. Tsopano ndi dzanja linalo muzigogoda patebulo motsatira ine. Mmodzi, awiri... mofulumira... pang'onopang'ono."

Mayiwo ataika mtima pa kugogodako, dzanja lamanja linayamba kutsatira kugogoda komweko, kenako n'kuima. A Sizasi, pakamwa paja, sanapirire.

"Mwaonatu, adokotala! Ndi zomwe ndakhala ndikunena. Akaiwala, limasiya!"

"Mwaona bwino, bambo," anatero dokotala. "Chomwe mwaonacho ndi chizindikiro chomwe ifeyo timadziwira matendawa. Munaona zoona, koma munamasulira molakwika. Mwati ndinu telala? Makina anu anayamba adumphapo ulusi chonsecho palibe chitsulo chothyoka?"

"Kambirimbiri. Singano ndi shatulo ya ulusi wapansi zikasemphana nthawi. Ungapasule makina onse, chothyoka suchipeza."

"Ndiye mumati makinawo akunamizira?"

A Sizasi anakanda m'mutu.

"Ubongo umayendetsa dzanja osatifunsa," anapitiriza dokotala. "Mwa mayiwa, mauthenga a pakati pa ubongo ndi dzanja akusemphana. Akaika maganizo onse padzanjalo, zimanyanya. Maganizo akapita kwina, njira yakale yoyendetsera dzanja imatseguka kwa kanthawi. Sachita kufuna. N'chifukwa chake timati pali chiyembekezo, chifukwa njirayo ilipobe."

"Nanga chithunzi chija chinatuluka bwino bwanji?" anafunsa mwana uja.

"Chithunzi chija chimafufuza zinthu zazikulu monga chotupa kapena sitiroko. Koma ofufuza atajambula ubongo wa anthu ambiri odwala chonchi n'kuyerekeza ndi wa anthu osadwala, anapeza kusiyana pang'ono m'kukula ndi m'kulumikizana kwa zigawo zina: zoyendetsa thupi, zomva mantha ndi nkhawa, ndiponso zomwe zimauza munthu kuti ndine ndikusuntha dzanjali. Kusiyanako n'kochepa, moti sungakuloze pa chithunzi cha munthu mmodzi. Sitinadziwebe ngati ndiko kumayambitsa matendawa kapena kumabwera chifukwa cha matendawa. Koma chomwe ndikutsimikiza n'chakuti mayi anuwa sananamepo."

Misozi ya mayiwo inkangotsika, iwo osaipukuta.

"Achira?" anafunsa a Sizasi, mawu atachepa.

"Ambiri amapezako bwino ndi mafizo ophunzitsanso thupi kuyenda bwino, komanso kucheza ndi aphungu a za maganizo. Koma sindikubisirani, oyamba msanga ndi amene nthawi zambiri amachira bwino. Thupi likazolowera kwa zaka, ntchito imakula. N'zachisoni kuti sanakutumizeni kuno poyamba pomwe."

Apa a Sizasi akanatha kukhala chete, palibe akanadziwa. Koma dzanja lawo linalowa m'thumba la jekete. Anaitambasula kalata ija patebulo. Dokotala anawerenga deti n'kuvula magalasi.

"Ababa!" anakuwa mwanayo. "Ndinakufunsani! Ndinakufunsani ine, munati palibe!"

Mayi ake anamugwira pabondo kuti akhale chete. Anayang'ana dontho la mafuta lija nthawi yaitali.

"Inali m'dirowa ya makina, abambo?"

"Eya, amayi."

"Ndinkakhala moyang'anana nayo tsiku lililonse."

A Sizasi anafuna kupepesa, koma mawu onse omwe ankadula nawo anthu mumsewu muja anawathawa. Anangoti, "Ndinalakwa," maso ali pansi.

Patha miyezi isanu ndi umodzi tsopano. Mwendo uja unasiya kukoka, ndipo kapu ya tiyi mayiwo amafika nayo pakamwa isanatayike. Koma singano ikuwakanikabe, ndipo a mafizo sanalonjeze kuti idzatheka. Mpando wawo m'shopu muja ulipobe, a Sizasi salola kasitomala kukhalapo. Wometa akafunsa za alamu ake, amangomuyankha kuti, "Metani anthu, achimwene, galasi lanu silipima matenda."

A mafizo anapereka ntchito yochitira kunyumba: wina aziwaponyera kanthu kopepuka uku akucheza nawo, kuti dzanja lizolowerenso kuyenda lokha. Loweruka lina masana a Sizasi anakwera basi kupita kwa mwana wawo. Anawapeza mayiwo ali pakhonde. Atapatsana moni, anatulutsa m'thumba kampukutu ka ulusi wofiira, koma anangokagwira, manyazi atawagwira.

Mayiwo anakayang'ana, kenako anayang'ana amuna awo.

"Ponyani, abambo. Koma ndikawakha, musaitane anthu."

Anaponya. Dzanja lamanja linawakha, khwa! A Sizasi anatseka pakamwa ndi chikhatho, maso atadzaza misozi. Patapita kanthawi anafunsa chapansipansi.

"Kunyumba mubwerera liti, amayi?"

Mayiwo anawabwezera ulusi uja.

"Ponyaninso," anatero.

Phunziro: Chithunzi cha kuchipatala chikatuluka bwino, sizitanthauza kuti munthu sakudwala. Kunjenjemera kapena kufooka komwe kumasiya munthu akaiwalako kungakhale matenda enieni ochokera m'kagwiridwe ntchito ka ubongo, ndipo thandizo lake lilipo. Wodwala tisamamuyese ngati wakuba. Timukhulupirire, ndipo kalata yotitumiza kwa dokotala wina tipite nayo msanga, chifukwa zaka zomwe ingathere m'dirowa sizibwereranso.