Dayisi Kuseri kwa Katoni

"Wamatsenga akafa, matsenga ake amafera pomwepo," anatero Yakobo. "Lamulo lake ndi limenelo."

Anali pakhonde la nyumba ya malemu Simioni, mkulu wake, ku Monkey Bay. Anthu a pamaliro anali atabalalika, koma masewero anali patebulo monga anawasiyira: mapu ojambula pakatoni, zitsekerero za mabotolo zoimira anthu, ndi dayisi, kabokosi ka madontho koponya pochita maere. Simioni anawaphunzira kwa alendo a ku loji komwe ankagwira ntchito. Iye ankasimba nthano, enawo n'kumasewera ngati anthu a m'nthanomo, ndipo mkangano ukabuka woweruza anali yemweyo. Azakhali awo ankati ndi ufiti wa anthu ophunzira.

Tsiku lomwe anasewera komaliza, wamatsenga wa m'nthanomo anazinga mlenje wa Elina, mkazi wa Simioni, ndi mpanda wa moto kuti afisi asamugwire. Kenako wamatsengayo anaphedwa. Simioni anati adzaweruza Loweruka ngati mpandawo udakalipo, koma malungo sanamudikire.

"Moto ukayaka wayaka," anatsutsa Dorika, mchemwali wawo. "Kodi woyatsa akachoka, nkhuni zimazima?"

"Si moto wa nkhuni. Umayaka ndi mphamvu za mwini wake."

Elina ankangosalaza mpango pabondo. Zinkamuwawa, chifukwa aliyense ankadziwa chomwe chinali kukambidwa. M'mawa mwake abale anayenera kukumana kuti amusudzule, ndipo Yakobo ndiye anali woti anene ngati akhalebe m'nyumbamo kapena abwerere kwawo ku Makanjira. Mwana analibe. Nayenso Yakobo lendi inali itamutopetsa, moti nyumbayo ankaifuna.

"Alamu, nanga inu mukuti bwanji? Mlenjeyu ndi wanu," anafunsa Yakobo.

"Ine sindiweruza. Pakavuta, akulu anu ankaponya dayisi. Ikagwa yochepa, zakanika."

Yakobo anaitola n'kuyamba kuigwedeza m'manja.

"Osati poyera," anatero Elina. "Iwo ankaimika katoni, n'kuponyera kuseri kwake."

"Inde, kuti tisaonere."

"Ayi. Ine ndinkakhala chakumbali, ndinkaona. Paja msilikali wanu anagwera m'phompho n'kupulumuka? Dayisi inagwa imodzi. Anaiyang'ana, anayang'ana inu, basi anati mwagwira muzu wa mtengo."

"Bodza."

"Munali mutangochotsedwa ntchito. Anati munthu asafe kawiri sabata imodzi."

Dorika anaseka pang'ono, kenako anaphimba nkhope ndi chitenje. Yakobo anayang'ana dayisi yomwe inali m'manja mwake. Msilikali ameneyo ankamunyadira kwambiri, mpaka ankauza anzake kudepoti kuti iye ali ndi dzanja la mwayi.

Anasuntha n'kukhala pa mpando wa Simioni, womwe aliyense ankaupewa chichitikireni maliro. Anaimika katoni n'kuponya. Dayisi inagubuduka n'kuima, ndipo anaiyang'ana nthawi yaitali. Elina, pamalo ake achakumbali, anatembenukira kumsewu komwe kunkadutsa akabaza.

Yakobo anaphimba dayisiyo ndi chikhatho.

"Mpanda ulipo," anatero. "Sewerani, alamu."