Thumba Lotsukira Makina

Kufakitale yopera mbewu anzake ankamutcha Mbuu, chifukwa pofika nthawi yoweruka ankakhala atayera mbuu ndi ufa, nsidze zomwe. Anali atagwira ntchito pamakina omwewo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Ukamuika mbewu m'manja iye atatsinzina, ankakuuza kuti uyu ndi tirigu, uyu ndi balere, awa ndi otsi, mbewu yophikira phala ija. Munthu wotere ukati umuphunzitse za mbewu ndiye kuti waputa mkangano.

Mwana anali naye mmodzi yekha, mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu, amene iye ankamuitana kuti "amayi anga". Chaka chapitacho madokotala anamupeza mwanayo ndi matenda a siliyaki. Anafotokoza kuti mu tirigu ndi balere muli chinthu chotchedwa guluteni, ndipo mwanayo akachidya, ngakhale pang'ono chabe, matumbo ake amawonongeka, chakudya n'kumangodutsa osagwira thupi. Mankhwala ake panalibe ena koma kusiyiratu tirigu moyo wake wonse.

Tisamunamizire Mbuu, anayesetsa. Buledi analeka kulowa m'nyumbamo. Mkazi wake anagula poto watsopano ndi supuni zake, n'kuzimanga ulusi wofiira kuti zisasokonekere ndi zinazo. Mbuu ankasamba kuntchito komweko, ovololo n'kuisiya pamsomali, nsapato n'kuvulira pakhonde. Patatha miyezi ingapo mwana anabwerera m'thupi, masaya anadzaza, ndipo anayambanso kusewera mpira wamanja ndi anzake.

Tsiku lina ali kuchipatala, Mbuu anafunsa kuti, "Nanga otsi, adokotala?"

"Otsi paokha alibe guluteni, ndipo odwala ambiri amadya bwinobwino," anatero adokotala. "Koma pali zofunika kusamala."

Paja ntchenzi inamva mawu oyamba. Adokotala anapitiriza kunena za mapaketi olembedwa kuti mulibe guluteni, za kuyamba pang'onopang'ono, za kubweranso kudzayezetsa magazi. Mbuu ankangogwedeza mutu, koma maganizo ake anali kale kuseri kwa makina, pamene pankaunjikidwa matumba a otsi opanda zolemba amene antchito ankagawana Lachisanu. Kwa nthawi yoyamba chiyambire matendawo, ntchito yake inali ndi kanthu koti mwana wake n'kudya, ndipo mtima wake unasangalala kwabasi.

Kuyambira pamenepo phala la otsi ankaphika yekha. Ankadzuka m'mamawa, n'kutenga poto wa ulusi wofiira uja, n'kutakasa mpaka phala litati tha! tha! Kenako ankaima pambali pa tebulo kudikira kuti mwana amalize, ndipo mbale ikayera ankanyamuka kupita kuntchito ali nyadanyada.

Miyezi iwiri isanathe, matenda anabwerera. Mimba inayamba kufufuma, m'kamwa munatuluka zilonda, ndipo siketi ya yunifolomu inayamba kuzungulira yokha m'chiuno. Magazi atayezedwa, adokotala ananena mosabisa kuti guluteni akulowabe, pali chimene mwanayo akudya.

Atafika kunyumba, Mbuu anakhuthulira pansi chikwama chasukulu cha mwanayo. Munatuluka makope, cholembera chotafunidwa ndi kapepala ka mafutamafuta.

"Aka n'kachiyani?"

"Mnzanga anandisungitsa, ababa. Ine sindinadye."

"Sunadye? Ndiye magazi akunama? Ife kuno tikudzimana buledi chifukwa cha iwe, iwe uli kusukulu kumatambasula dzanja!"

"Ababa, m'mimbamu mumayamba ndikangodya phala."

"Phala limene ndimaphika ine? Usanamizire phala. Otsi amenewo ndimawagwira ndi manja angawa."

Mkazi wake anayesa kulowererapo. "Bambo a mwana, bwanji tiyambe taleka phalalo sabata imodzi, tione?"

"Akalekanso phala adzidya chiyani, mphepo? Inu ndi amene mukumulekerera mwanayu."

M'mawa mwake Mbuu anapita kusukulu kwa mwanayo. Akanatha kuwaitanira pambali aphunzitsi, koma munthu wopsa mtima saona pambali. Anaima pakhomo la kalasi n'kunena mokweza kuti amuyang'anire mwana wakeyo, chifukwa amapempha buledi kwa anzake pamene akudziwa kuti amamudwalitsa. Kalasi yonse inamva. Pofika nthawi yopuma, ana anali atamupatsa kale dzina loti Ndigaireko. Kunyumba nako "amayi anga" kunatha, kunatsala "iwe". Mwanayo anasiya kuyankha. Phala ankalidya mpaka mbale kuyera, maso ali pansi, kenako n'kupita kuchimbudzi.

Patapita milungu itatu, anamwino oona za zakudya anawauza makolowo kuti abweretse chilichonse chimene mwana amadya, chili m'mapaketi ake. Mwanayo tsikulo anali kusukulu. Makolowo atafika kuchipatala anayala zonse patebulo: mpunga, nyemba, mchere, mafuta, tiyi. Anamwino ankatenga chimodzichimodzi n'kuwerenga zolembedwa kumbuyo. Atafika pa thumba loyera lopanda zolemba anaima.

"Ili paketi yake ili kuti, bambo?"

"Lilibe paketi. Amenewo ndi otsi enieni, ochokera kuntchito kwanga. Sanadutse m'sitolo ayi."

"Makina amene amadutsa otsiwa, amadutsanso tirigu?"

"Eya, amadutsa. Koma tikamasintha timatsuka."

"Mumatsuka ndi chiyani?"

Mbuu anayamba kufotokoza, ndipo ali mkati mofotokozamo anazindikira. Makina aja sankatsukidwa ndi madzi. Akamaliza tirigu, ankathira otsi m'mapaipi momwemo kuti akokolole zotsalira zonse, ndipo matumba khumi oyamba kutuluka ankawaika pambali chifukwa sanali oyenera kugulitsa. Antchito ankawatcha matumba otsukira. Amenewo ndi amene ankagawana Lachisanu. Ntchito yowaika pambaliyo inali yake iye mwini, zaka zonsezi, ndipo mutu wake sunagwirizanitsepo zimenezi ndi mimba ya mwana wake. Kwa iye tirigu woopsa anali buledi ndi ufa wa pa ovololo, osati timbewu tiwiri titatu tosochera m'thumba.

Anamwino sanamukalipire, ndipo zimenezo zinamupweteka kuposa kukalipa. Anangofotokoza modekha kuti otsi ambiri amasakanikirana ndi tirigu kumunda, m'magalimoto ndi m'makina, n'chifukwa chake odwala siliyaki amafunika otsi okhawo oyezedwa ndi kulembedwa. Anawonjeza kuti alipo ena ochepa amene ngakhale otsi oyerawo amawavutabe, choncho mwanayo asawalawe kaye mpaka matumbo atachira, ndipo kuchirako kutenga miyezi.

Panjira yobwerera mkazi wake ananyamula chikwama cha zakudya zija, thumba la otsi n'kumusiyira iye.

Kunyumba Mbuu anatenga thireyi, n'kukhuthuliramo otsi okwana kapu imodzi, mlingo wa phala la tsiku limodzi. Anakhala pafupi ndi windo n'kuyamba kusankha ndi chala. Diso lake silinachedwe. Tirigu akaphwanyidwa amakhala wofiirira, wolimba, ndi kamzere pakati. Anapeza mmodzi, kenako wina, kenako balere. Anaziika pasosala, ndipo pamene mwana ankatsegula chitseko pochokera kusukulu, pasosalapo panali kamulu.

"Amayi anga," anatero Mbuu. "Tabwerani muone."

Mtsikanayo anayandikira chikwama chili kumsana. Anayang'ana thireyi, anayang'ana sosala. Manja ake anali ataonda kwambiri moti wotchi inali itatsetserekera pafupi ndi chigongono.

"Uyu ndi tirigu," anatero bambo ake. "Anali m'phala. Ndimakudyetsani ndine. Munandiuza, ine osamva. Pepani, amayi anga."

Iye ankayembekezera kuti mwanayo alira, kapena amukalipira, ndipo zonsezo akanazilandira ndi manja awiri. Koma mwanayo sanalire, sanakalipe.

"Ndinkadziwa kuti ndi phala," anatero.

"Nanga bwanji munkadyabe?"

"Inu munkaima pomwepo, ababa. Ndikanasiya mukanati ndakhuta buledi."

Mbuu anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Mawa ndipita kusukulu. Ndikaima pakhomo lomwe lija, ndikanena pamaso pa onse kuti wolakwa ndine."

"Musavutike," anatero mwanayo, akuvula chikwama. "Dzina lija linakhazikika kale. Ngakhale a makalasi ena amandiitana lomwelo."

Anapachika chikwama pamsomali, n'kulowera kuchimbudzi atagwira pamimba. Bambo ake anamva loko akutsekedwa. Anakhala pomwepo ndi sosala ija m'manja, ndipo patapita kanthawi anamva mwanayo akutsegula mpopi kuti madzi abise kubuula kwake, monga ankachitira m'mawa uliwonse iye akamamanga nsapato pakhonde.