Obusitineti Wanga

Mayi a mapasa atakwezedwa pantchito, kuchoka kochapira zovala kupita pakauntala yolandirira alendo ku hotela, abwana awo anawauza mosapita m'mbali kuti Chingerezi chawo n'choperewera. Moni ankamutha, koma mlendo akayamba kudandaula ndi mawu ataliatali, iwo ankangomwetulira ngati munthu wodwala dzino. Choncho analembetsa sukulu ya akuluakulu, m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya penti, momwe mipando inali ya ana ndipo mawondo ankagunda desiki.

Ankalimbikira zedi. Ankatsuka mbale akubwereza mawu ovuta, mpaka mapasa awo kumawaseka kuti amayi ayamba kulankhula malilime.

Tsiku lina mphunzitsi, mtsikana wa msinkhu wa mng'ono wawo, analemba pabolodi kuti obstinate. Atawatchula mawuwo, mtima wa mayi a mapasa unadumpha. Awa ndiye ankawadziwa kalekale! Kuyambira ali pachibwenzi, amuna awo, omwe ndi makanika, ankawaitana choncho akasangalala nawo: "Obusitineti wanga."

"Ndani akudziwa tanthauzo lake?" anafunsa mphunzitsi.

Mayi a mapasa anakweza mkono koyamba chiyambireni sukuluyo. "Ndiye kuti wokondedwa, wapamtima."

Mphunzitsi analuma mlomo. "Pepani amayi, si choncho. Ndi munthu wamakani, wosamva za anzake. Uja amati akakana wakana, ngati bulu."

Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Mayi a mapasa anaseka nawo, koma nkhope ikuwatentha.

Atafika kunyumba anapeza amuna awo atakhala pansi pabalaza, atamasula fani, timisomali atatiika m'sosala. Anaima pakhomo, chikwama chikadali paphewa.

"Bambo a mapasa, ine ndine bulu?"

"Bulu? Wakunyozani ndani?" Bamboyo anadzuka, sikuludiraiva ili m'manja.

"Inuyo. Zaka zonsezi. Pamaso pa ana, pamaso pa alamu anu."

Anawafotokozera za m'kalasi muja. Bambo a mapasa anakhalanso pansi pang'onopang'ono, kukamwa kuli yasa.

"Mayi a mapasa, ndikulumbira, sindinkadziwa."

"Nanga munawatola kuti mawu amenewa?"

"Kugalaja komwe ndinaphunzirira ntchito. Abwana anga anali ndi kagalimoto kakalekale, kobiriwira. Kulira kwake mpaka kukakankha. Anthu ankabwera kudzakagula, iwo kukana. M'mawa uliwonse ankakasisita paboneti, n'kumati obusitineti, obusitineti, uku akumwetulira. Ine ndinkati ndiye kuti chinthu choti sungasiyane nacho zivute zitani. Nditakuonani inu ndinati, mawu aja apeza mwini wake."

"Ndiye munandipatsa dzina la chiphapha cha galimoto?"

"Sichinali chiphapha! Kakangolira, palibe galimoto inkakapitirira pamsewu."

Mayi a mapasa anayesetsa kuumitsa nkhope, koma zinakanika. Chiseko chinawatulukira m'mphuno, n'kukhala pampando akupukuta misozi. Mapasa, omwe ankamvetsera kuseri kwa katani, anatulukira.

"Komatu adadi sanalakwitse kwambiri," anatero mmodzi. "Amayi, paja adokotala anati mupume sabata yathunthu, inu m'mawa mwake munali kuntchito."

"Iwe, khala chete! Ndani wakufunsa?" anakalipa mayi a mapasa.

"Mwaonatu," anatero mnzake, onse n'kuthawira kuchipinda.

Bambo a mapasa sanaseke nawo kwenikweni. Nkhaniyo inawakhala pamtima. Ankamanga fani ija mwakachetechete, kenako anafunsa ngati kusukuluko amalandira anthu a imvi.

Sabata yotsatira, mayi a mapasa akukwera masitepe a pamwamba pa sitolo ija, anamva mapazi olemera kumbuyo kwawo. Anali amuna awo, atavala shati yoyera ya ku ukwati, koma m'zikhadabo muli girisi. Anadzipanikiza pakampando ka kumbuyo, mawondo pafupifupi kufika pachibwano.

Mphunzitsi anawafunsa chimene abwerera.

"Ndikufuna mawu a Chingerezi oitanira akazi anga," anayankha. "Aatali bwino, koma ulendo uno mundiuziretu tanthauzo."

Anthu anaombera m'manja. Mayi a mapasa anabisa nkhope m'buku, kenako anatembenuka n'kuwaponyera pensulo, poti bamboyo anali atabwera chimanjamanja.