Bango Loyezera Ndege

Ndinadzidzimuka masana a Lachinayi n'kupeza amuna anga, a Febian Daka, atagwada pambali pa mphasa yanga akundiyeza ndi bango. Analigoneka kuyambira kuchidendene mpaka kumutu, n'kulidula ndi mpeni, n'kutuluka monyang'ama. Ine ndinangotsinzina ngati ndikugonabe. Kwathu ku Nyimba munthu amayezedwa ndi bango kamodzi kokha, pamene okumba manda akufuna kudziwa kutalika kwake.

Chinali chaka cha 1974, ndili ndi pakati pa miyezi itatu. Titabereka Febby, mimba ziwiri zinapita padera, ndipo yachiwiriyo inatsala pang'ono kunditenga tili m'lole pamapiri a Kacholola, tikuthamangira kuchipatala. Dokotala anatiuza mosapsatira kuti ulendo uno zikangoyamba ndikafike ku Lusaka msanga, osati kugwedezeka pamsewu tsiku lonse. Tsono nditaona bango lija ndinati basi, dokotalayo anawanong'oneza zina kumbali.

Masiku awiri sindinakhale pansi. Ndinasesa pabwalo katatu, ndinachapa zochapa kale, ndinakalipira nkhuku zosalakwa. Kufunsa ndinkaopa yankho. A Daka nawonso nkhani yawo inali imodzimodzi, ya ndege.

Anali atagulitsa malole awo awiri a thonje kuti agule kandege. Ku Petauke kunali kagulu ka anthu ofuna kuphunzira kuulutsa, mphunzitsi ali naye, a Wilbroad Mumba, koma ndege alibe. Pangano linali loti a Daka agule, gululo liibwereke, liziphunzitsira ndi kunyamula ofuna ulendo. Kukwera eni akewo, ayi. Munthu wake ndi uja amachita chizungulire akakwera pankhokwe.

Loweruka wogulitsa anabweretsa ndege ziwiri pabwalo la ndege la ku Petauke kuti tisankhe. Ndinaona a Daka akulowetsa bango m'galimoto, nanenso ndinalowa osaitanidwa.

Pabwalopo kunali mphepo ndi fumbi. Ndege imodzi inali yaikulu, ya mipando inayi, yonyezimira. Inayo inali kakang'ono ka mipando iwiri, utoto utasuluka. A Mumba ankakazungulira, kukasisita, kusuzumira kunsi kwake.

"Bambo Daka, ya sukulu ni iyi ing'ono," anatero. "Imamwa mafuta pang'ono, ndipo wophunzila akaitela moipa imapilila. Ikulu iyo anyamata anga sangaikwanitse. Mukaitenga, gulu lidzatha, ine n'dzapita kukafuna nchito kwina, ndege idzamela udzu."

A Daka anapita kugalimoto, n'kubwera ndi bango. Anatsegula chitseko cha ndege yaikulu, kupinda mpando wakutsogolo, n'kuligoneka m'kati. Linakwana. Anakaliyesa m'kakang'ono kaja, linatulukira panja ngati mchira wa mbewa. Analitembenuza uku ndi uku, thukuta lili kamukamu, koma linakana.

"Titenga ikulu," anatero.

Apo m'pamene maso anga anatseguka. Ndinawayandikira.

"Atate ake Febby, bango ili ndine?"

Anayang'ana pansi. "Nimafuna kuti tsiku lija likafika mukagone bwino popita ku Lusaka. Paja m'lole munavutika."

Ndinapsa mtima, ndipo pomwepo ndinawamvera chisoni, moti sindinadziwe choyamba n'chiti. Malole aja anapita chifukwa cha ine, ndipo munthu sananene kanthu.

"Masiku awili ndakhala nikudzilila malilo," ndinawauza. "Munthu wamoyo mumamupima na bango? Pakamwa mulibe?"

A Mumba anapeza chochita kumchira kwa ndege. Ine ndinayima pakati pa ziwirizo, nsalu ikukupizidwa ndi mphepo. Yaikuluyo ndikanagonamo bwino ndithu, koma ikanakhala paudzu yopanda woiulutsa. Ndinalanda bango, kuliika pabondo, n'kulithyola pakati. Zidutswa ziwirizo ndinaziponya m'kandege kakang'ono, zinalowa popanda vuto. Kenaka ndinakwera ndekha, movutikira, n'kukhala pampando maondo atapindika.

"Nakwana," ndinatero. "Sinipita ku Lusaka chogona ngati mtembo. Nizapita chokhala."

A Daka anasuzumira m'kati, nkhope itagwa. "Koma amake Febby, mipando ni iwili chabe. Wanu na wa oyendetsa. Ine nizakhala kuti?"

Ndinamenya ndi dzanja mpando wopanda munthuwo, fumbi n'kubuka.

"Apa. Ulendo umenewo sinikwela na mlendo."

Anayang'ana mpandowo, anayang'ana kumwamba. Ndinaona mantha awo onse poyera, ndipo sindinawathandize. Kenaka anavula chipewa n'kutembenukira kwa mphunzitsi.

"A Mumba, munthu wamantha amaphunzila miyezi ingati?"

"Muli nayo ingati?"

A Daka anayang'ana mimba yanga.

"Isanu na umodzi," anatero. "Tiyambe lelo."