Fupa la Lachisanu

Matipate inali itakhazikika kale m'dziko muno, anthu akulankhula zakukhosi pa wailesi ngakhale m'maminibasi a ku boma la Phalombe, koma pa sekondale ina yoyendera, kunsi kwa phiri la Michesi, pakamwa pa mwana wasukulu panali potseka. Anatsekapo anali a Kaliati, mphunzitsi wa Chingelezi wa Fomu 4, ndipo anatseka ndi fupa.

Fupalo linali nsagwada ya mbuzi, mano ali momwemo, yomangidwa pa chingwe cha khonje. Lamulo lake linali losavuta kumva. Ukamveka ukulankhula Chichewa kapena Chilomwe pabwalo la sukulu, amene ali ndi fupalo ankalivula n'kukuveka m'khosi. Nawenso unkayenda nalo makutu ali tcheru, kusaka wina woti umutulire. Amene lamufikira nalo Lachisanu masana sankalowa m'kalasi. Ankatsikira kudambo kukaponda dothi la njerwa za laibulale, nyumba imene inkamangidwa chaka ndi chaka koma osafika pa zenera.

Tsono Lachisanu masana ndi pamene mabuku ankatuluka. Sukuluyo inali ndi mabuku a Chingelezi owerengeka, ndipo ankagona m'kabati ya ahedi sabata yonse kuopa chiswe ndi manja a ana. Lachisanu a Kaliati ankawagawa, buku limodzi mitu kuliunjikira, n'kuwerengetsa ana mokweza ndime ndi ndime, kuwafunsa mafunso a nkhaniyo, kuwaonetsa kafupikitsidwe kake, kuwawongolera galamala. Kunena chilungamo, bambo ameneyu akagwira choko ankadziwa kuphunzitsa, ndipo n'chimene chinkawawa kwambiri. Taonani nzeru zake: amene Chingelezi chikumuvuta mpaka lilime kuterereka, ndi yemweyo ankamuchotsa pa buku kumutumiza kumatope. Kumeneko ndi kumana mankhwala munthu chifukwa choti wadwala.

Belita ankabwereza Fomu 4. Chaka chatha masamu anakhoza, zaulimi anakhoza, bayoloje anakhoza bwino lomwe, koma Chingelezi chinamugwetsa, ndipo ukagwa Chingelezi satifiketi sulandira ngakhale zinazo utakhoza motani. Amalume ake, a Eneya, anamulola kubwereza monyinyirika.

"Kano n'komaliza," anatero. "Ukalepheranso, khasu lako lili pakhondepo, ndipo anthu ofunsira mbeta sindiwabwezanso."

Choncho Belita ankadziwa chimene anabwerera pasukulupo. Anabwerera Lachisanu masana, basi.

Fupa linamupeza mopusa. Tsiku lina pa buleki, azakhali ake, a Rozaria, ankatsika kuphiri ndi mtolo wa nkhuni pamutu, n'kudzera kanjira kodutsa m'mphepete mwa bwalo la mpira. Ataona mwana wa mlongo wawo anaima.

"Waswera, Belita? Amayi ako mwendo uja uli bwanji?"

Kodi munthu wamkulu, katundu ali pamutu, angakupatse moni iwe n'kungomuyang'ana ngati chitsa? Belita ananjuta n'kuyankha. "Ndaswera bwino, azakhali, kaya inu? Mwendo ukuchirako."

Asanadzuke n'komwe, chingwe chinali chitamugwera kale m'khosi. Owen, mnyamata wamtali amene anali nalo fupalo, anali atabisala kuseri kwa mtengo wa mango, ndipo anathawa akudumphadumpha ngati mwana wa mbuzi. Azakhali anayang'ana nsagwada ili lende pachifuwa pa mtsikanayo, anapukusa mutu pang'ono kuopa kugwetsa nkhuni, n'kumapita.

Belita anaganiza kuti pofika mawa adzakhala atalitula. Koma mayeso anali atayandikira, ndipo ana anali atachenjera. Sanaphunzire kulankhula Chingelezi ayi. Anaphunzira kukhala chete. Pa buleki kalasi yonse inkakhala pansi pa mango, anthu akulozerana ndi milomo, kubwerekana cholembera ndi zala, kuseka ndi mapewa. Akangowoloka kamlatho ka kumalire a sukulu, pakamwa ponse pankatseguka nthawi imodzi ngati achule mvula itagwa. A Kaliati akaima pakhonde n'kumva bwalo lili zii, ankagwedeza mutu mokhutira. Iwo ankati zinthu zikuyenda.

Lachisanu linakwana, Belita anaponda dothi. Lachisanu linalo anapondanso. Kudamboko mawu a kalasi ankamveka patalipatali, anzake akuwerenga motsatizana, mawu a a Kaliati akudukiza powongolera. Iye ali m'matope mpaka m'mawondo, siketi atakwinya, akukukuta mano. Ankatchera khutu kuti atoleko chiganizo chimodzi, mphepo n'kuchiuluza.

Mkwiyo umaphunzitsa munthu zoipa. Belita, amene kale sankatha ngakhale kupha mphemvu, anayamba kutchera anzake misampha. Anaponda dala chala cha Peggy, mtsikana wolongolola kuposa onse, kuti mwina akuwa kuti mayo. Peggy anangoluma mlomo, misozi ili mbwee, osatulutsa liwu. Anaika buluzi m'thumba la mabuku la Owen. Owen anadumpha, anatsegula pakamwa, n'kutukwana m'Chingelezi. Anthu anayamba kumuthawa Belita. Akafika pansi pa mango, gulu linkabalalika. Yekhayo amene ankakhala naye pafupi anali Alesi, mnzake wa kumudzi kwawo, amene ankayenda naye njira imodzi kuyambira ku pulayimale. Madzulo pobwerera, Alesi ankayesetsa kumufotokozera zimene awerenga, koma nkhani ya m'buku yongouzidwa panjira siikhala m'mutu. Komanso masiku amenewo Alesi maganizo ake anali kwina, chifukwa amayi ake anali atagonekedwa m'chipatala ku boma.

Sabata yomaliza mayeso asanayambe, madzi anafika m'khosi. Belita anawatsatira a Kaliati ku ofesi ya aphunzitsi, chiganizo atachikonza usiku ndi usana m'mutu mwake. Anagogoda, analowa, n'kupempha m'Chingelezi kuti Lachisanu ili lokha amulole kulowa m'kalasi. Njerwa adzaumba Loweruka, ngakhale tsiku lonse.

A Kaliati anaika kapu ya tiyi pansi. Anamuuza kuti chiganizo chake chapindika, achibwereze. Anabwereza. Anamuwongolera, n'kumuuza kuti abwerezenso. Belita anabwereza mpaka chinatuluka chowongoka, aphunzitsi ena akumwetulira m'makapu mwawo. Pamenepo a Kaliati anawomba m'manja kamodzi, namuuza, m'Chingelezi chawo cha m'mphuno chija, kuti waona tsono, fupa likugwira ntchito. Za pempho lakelo anati lamulo ndi lamulo. Akamumasula iye, mawa aliyense adzabwera ndi chifukwa chake. Ngati akufuna buku, apeze wina womuveka.

Belita anatuluka mtima ukuwira. Akanakhala ndi mwala m'manja, zenera la ofesi ija likanaona zakuda. Apeze wina! Ndiye kuti kuphunzira kwake kudikire tsoka la mnzake?

Lachisanu lomaliza linafika. Belu la masana litalira, Owen ndi Peggy anatuluka mu ofesi ya ahedi atanyamula mabuku. A Kaliati anali atanena kale kuti tsikuli adzaonetsa ana kayankhidwe ka mafunso a nkhani monga amabwerera pamayeso, chinthu chenichenicho chimene chinamugwetsa Belita chaka chatha. Ana anayamba kulowa. Belita anaima pakhomo, khasu lili m'manja, nsagwada ili pachifuwa, akuyang'ana nkhope iliyonse yodutsa ngati mphamba. Palibe anatsokomola n'komwe.

Nthawi yomweyo njinga inatulukira pa kamlatho. Woyendetsa anali a Amosi, mkulu wa mpingo wa kumudzi kwa Belita ndi Alesi. Anatsika, anaimika njinga pamtengo, anavula chipewa, n'kufunsa a Kaliati ngati angaonane ndi Alesi. Alesi anatuluka m'kalasi n'kugwada patsogolo pawo.

"Mwana wanga, tenga mabuku ako tizipita," anatero a Amosi, maso ali pansi. "Matenda a amayi ako akula pang'ono. Akukufuna kunyumba."

Anati kunyumba, osati kuchipatala. Ndipo mkulu wa mpingo sapalasa njinga dzuwa lili pamutu, jekete lakuda atavala, chifukwa cha matenda amene akula pang'ono. Mwana aliyense wa kumudzi amadziwa kanenedwe kameneka. Alesi anawayang'ana, anayang'ana chipewa chili m'manja mwawo, kenaka anadzigwetsa pansi.

"Mayo ine! Amayi anga ine! Mwandisiyira yani, amayi?"

Kulira kwake kunamveka bwalo lonse. Ndipo apa ndi pamene pali nkhani yonse, chifukwa chinthu choyamba chimene chinalowa mumtima mwa Belita sichinali chisoni. Chinali chimwemwe. Makutu ake, amene anazolowera kusaka, anamva Chichewa. Dzanja lake linali litafika kale pa chingwe. M'maganizo mwake anaona buku, anaona malo ake pa benchi, anaona satifiketi. Kenaka anaona Alesi akugubuduka m'fumbi, mnzake amene ankagawana naye chinangwa chowotcha panjira, ndipo anazindikira chimene dzanja lake linkafuna kuchita. Manyazi anamugwira.

Atakweza maso anapeza kuti si iye yekha amene anaganiza zimenezo. Ana anali atadzaza pakhomo ndi m'mazenera, ndipo ambiri sankayang'ana Alesi. Ankayang'ana fupa. Owen anamukodola ndi chibwano, kumulozera pa mtsikana wolirayo, ngati akumuthandiza. Kalasi yonse, ana obadwa kwa anthu, amayi a mnzawo amwalira, palibe ngakhale mmodzi anati pepa. Ankaopa. M'Chingelezi sankadziwa kuti anena bwanji, ndipo m'chinenero chawo sankayerekeza.

Amene anasuntha anali a Kaliati. Anatsika pakhonde, choko chikadali m'manja, anawerama n'kumugwira Alesi paphewa. Nkhope yawo inali itasintha.

"Pepa, mwana wanga," anatero motsitsa mawu. "Pepa kwambiri. Limba mtima, Alesi. Dzuka, iwe, dzuka."

Belita anamva mawu amenewo bwinobwino. Manyazi aja anasanduka moto. Kani amadziwa! Kani bambo ameneyu amadziwa kuti pali mawu ena amene munthu sangawatulutse m'chinenero chobwereka! Amadziwa, koma iye anamupondetsa matope chifukwa choyankha moni wa azakhali ake. Anaponya khasu pansi. Anavula chingwe, anayenda mpaka pamene a Kaliati anawerama, n'kuwaveka fupa lija m'khosi. Nsagwada inagunda pa tayi yawo, mano ake ali pamtunda.

Ngakhale a Amosi anabwerera m'mbuyo.

"Mwalankhula Chichewa, aphunzitsi," anatero Belita, ndipo ananena m'Chichewa, mokweza, kuti aliyense amve. "Lamulo ndi lamulo. Khasu ndi ilo. Dambo mukulidziwa."

"Belita!" anatero a Kaliati.

"Ayi, mundimve! Ine ndinabwerera pano kudzawerenga. Mwandiwerengetsa chiyani? Matope! Mwatiphunzitsa chiyani ife? Taonani anawa, aima ngati mitengo mnzawo akulira. Ineyo pano, amayi a Alesi amwalira, ndinakondwera. Mukundimva? Ndinakondwera, chifukwa ndinati ndapeza womuveka! Amayi amene ankandipatsa madzi akumwa pakhomo pawo! Chimenecho ndicho Chingelezi chanu?"

Mawu ake anathera m'misozi. A Kaliati anaweramuka pang'onopang'ono. Aliyense ankadikira mbama, kapena mawu oti achoke pasukulupo asadzabwerenso. Iwo anagwira fupa lija, analiyang'ana, koma sanalivule. Anayang'ana ana ali m'mazenera, ana nawo n'kugwetsa maso. Atatsegula pakamwa, Chingelezi sichinabwere.

"Lowa m'kalasi, Belita," anatero. "Tenga buku lako wekha, ukhale kutsogolo. Tiwerenga mpaka dzuwa kulowa."

Belita anayang'ana pakhomo. Peggy anali ataima pamenepo, buku lili m'manja, akumupatsira. Linali pafupi kwambiri, moti ankatha kuona chikuto chake chong'ambika pakona. Lachisanu lina kunalibe. Lolemba mayeso ankayamba.

Kumbuyo kwake a Amosi ankayesa kumukweza Alesi pa kaliyala, koma mtsikanayo thupi linali lolefuka, ankangotsetsereka. Munthu wotero sakwera njinga. Amafunika wina womugwira m'chiuno, kuyenda naye pansi mpaka kumudzi, ndipo mwamuna wamkulu sangamugwire mtsikana motero panjira.

"Mwachedwa nalo buku lanulo, aphunzitsi," anatero Belita.

Anapukuta m'maso ndi mkono, anamudzutsa Alesi, n'kukoleka dzanja la mnzakeyo pakhosi pake. A Amosi anatsogola akukankha njinga. Atafika pa kamlatho, Belita anamva kumbuyo mawu a a Kaliati akuyamba kuwerenga ndime yoyamba, koma sanatembenuke, chifukwa Alesi ankalemera ndipo njira ya kumudzi inali yokwera.